Ndani ajambule mapu a Mgona?

Pa 13 February 2023, mtsogoleri wa dziko lino pa nthawiyo, Lazarus Chakwera, anafika ku Mgona mumzinda wa Lilongwe kudzakhazikitsa kampeni ya Tithetse Kolera. Malowo sanasankhidwe mwangozi. Mliri womwe unayambira ku Machinga mu March 2022 unali utafika m'maboma onse, sukulu za m'mizinda ya Lilongwe ndi Blantyre zinachedwa kutsegulira mu January, ndipo pomwe matendawa ankazilala anthu pafupifupi 59,000 anali atadwala, oposa 1,700 atatisiya. Boma la Lilongwe ndi lomwe linali ndi odwala ambiri kuposa lina lililonse.

Manambala amenewa tinkawamva pa wailesi madzulo aliwonse, boma ndi boma. Koma mlangizi wa zaumoyo yemwe walandira ndowa ya klorini m'mawa alibe nacho ntchito chiwerengero cha boma lonse. Iye akufuna adziwe poyambira. Ndi chitsime chiti chomwe chili kumunsi kwa zimbudzi? Ndi kiyosiki iti yomwe yauma sabata ino, amayi n'kuyamba kutunga kumtsinje? Odwala a dzulo achokera mbali imodzi kapena ali balalabalala? Onsewa ndi mafunso a malo, ndipo amayankhidwa ndi mapu. Tsono mapu osonyeza Mgona nyumba ndi nyumba, kanjira ndi kanjira, chitsime ndi chitsime, sapezeka wamba. Akapezeka amakhala akale, kapena ali mu laputopu ya munthu yemwe pulojekiti yake inatha kalekale.

Luso lojambula mapu otere pa kompyuta, lomwe eni ntchito amangoliti GIS, silifunanso makina a mamiliyoni ngati kale. Mnyamata wa ku Biwi kapena mtsikana wa ku Chinsapo angathe kuliyamba ndi laputopu yogula kwa mnzake ndi foni ya m'manja. Ndipo kuona kwanga n'kwakuti pa ntchito imeneyi iwowa ali ndi chinthu chomwe katswiri wochokera kutali alibe.

Mzinda womwe unayambira pa pepala

Likulu lathuli linajambulidwa lisanamangidwe. Panali kale tauni yaing'ono m'mbali mwa mtsinje wa Lilongwe, komwe lero timati ku Old Town, koma boma la Kamuzu Banda litaganiza zochotsa likulu ku Zomba, pulani ya mzinda watsopano inakonzedwa ndi akatswiri a ku South Africa. Bungwe la Capital City Development Corporation linakhazikitsidwa mu 1968 kuti limange zomwe zinali pa pepalapo, ndipo mu 1975 likulu linasamuka. Pulaniyo inagawa mzinda m'madera a manambala, aliyense kwake: maofesi ku Capital Hill, mafakitale ku Kanengo, mabwana ku Area 10 ndi Area 43, antchito wamba m'mapuloti ang'onoang'ono a kutali komwe munthu ankadzimangira yekha. Kawale ndi Area 7, Biwi ili mu Area 8, Chinsapo ndi Area 57. Manambalawo satsatana ndi mmene malo alili. Area 23 ndi Area 24 n'zoyandikana, koma Area 25 ili kumpoto kufupi ndi Kanengo, ulendo wa minibasi ziwiri.

Pepala linaima pomwepo, anthu sanaime. Lipoti la UN-Habitat la mu 2011 linati anthu 76 mwa 100 aliwonse mumzindawu amakhala m'malo osatsata pulani, ndipo kalembera wa mu 2018 anapeza anthu 989,318. Ambiri mwa iwo adiresi yawo ndi ya pakamwa: "Mukatsikire pachigayo, mukhotere kumanzere, mukadutsa tchalitchi chachiwiri mufunse amayi ogulitsa makala." Wakabaza imamukwanira. Dalaivala wa ambulansi pakati pa usiku, amayi a makala atalowa m'nyumba, siimuthandiza. Bungwe la MACRA lakhala likuyendetsa ntchito yopereka mayina a misewu ndi manambala a nyumba m'dziko muno, koma njira imafunika iyambe yajambulidwa isanapatsidwe dzina, ndipo tinjira ta pakati pa nyumba ku Mgona timasintha munthu akangomanga mpanda.

Oyamba kuchitapo kanthu sanali akatswiri a kompyuta. Anali amayi a magulu osunga ndalama ku Mtandire, omwe mu 2003 anayambitsa mgwirizano wa anthu osowa pokhala pabwino, womwe lero umatchedwa Federation of the Rural and Urban Poor, mothandizidwa ndi bungwe la CCODE. Njira yawo anaitengera kwa anzawo a m'mayiko ena a mu Slum Dwellers International: dziwerengeni nokha, lembani manambala pa zitseko, jambulani malire a dera lanu, kenako mupite ku khonsolo muli ndi pepala m'manja. Mtandire ndi Chinsapo anawerengedwa motero. Mu 2014 bungwe la ActionAid ndi la LUPPEN anatulutsa kafukufuku wa madera 33 a anthu osauka mu Lilongwe.

Nalo boma silinangokhala. Mu 2012 panakhazikitsidwa MASDAP, nkhokwe ya pa intaneti komwe aliyense angatape mwaulere mapu a malire, misewu, mitsinje ndi zina, ndipo mu 2014 gulu la Humanitarian OpenStreetMap Team linaphunzitsa ophunzira ndi ogwira ntchito m'boma kujambula midzi ya ku Chikwawa ndi Nsanje. Miyezi yochepa chabe itadutsa, mu January 2015, madzi osefukira anakhudza anthu oposa 1.1 miliyoni, ndipo mapuwo anagwira ntchito pomwepo. Mu January 2020 UNICEF inatsegula mu Lilongwe sukulu ya African Drone and Data Academy mogwirizana ndi yunivesite ya Virginia Tech ya ku America ndi ya MUST ya ku Thyolo. Gulu loyamba linali la ophunzira 26 ochokera m'mayiko osiyanasiyana a mu Africa. Ku MUST, ku Mzuzu University, ku MUBAS, ku UNIMA ndi ku LUANAR maphunziro a GIS alipo, ndipo m'sukulu zingapo muli magulu a YouthMappers. Khomo limenelo ndi la omwe anapeza mwayi wa yunivesite. Enafe tili ndi khomo lina, ndipo ndi lotsegula.

Masabata oyamba pa laputopu

Pulogalamu yomwe ambiri amayambira ndi QGIS. Anaiyambitsa ndi Gary Sherman mu 2002, ndi yaulere, ndipo ukangoiika mu kompyuta imagwira ntchito popanda intaneti, chinthu chachikulu kwa munthu wodalira bandulo ya tsiku limodzi. Ina yotchuka ndi ArcGIS ya kampani ya Esri ya ku California, yomwe imapezeka m'maofesi ambiri koma ndi yolipira. Wodziwa imodzi savutika kwambiri kuphunzira inzake, chifukwa maganizo ake ndi amodzi.

Maganizowo ndi awa. Chilichonse cha pa dziko chimalowa mu kompyuta ngati kadontho, ngati mzere, kapena ngati malo otsekedwa ndi malire. Mjigo ndi kadontho. Msewu wa ku Likuni ndi mzere. Manda, bwalo la mpira ndi puloti ndi malo a malire. Kuseri kwa chilichonse kuli tebulo: mjigo uwu unakumbidwa liti, ukutulutsa madzi kapena unafa, ndowa ndi ndalama zingati. Zinthu za mtundu umodzi zimakhala pa tsamba lawolawo, ndipo masambawo amasanjikizana ngati mapepala a pulasitiki oonekera, mitsinje pansi, misewu pamwamba pake, nyumba pamwamba penipeni. Mphamvu ya lusoli ili pa kufunsa mafunso odutsa m'masamba onsewo nthawi imodzi. Ukhoza kuiuza kompyuta kuti ilembe mzere wa mamita 30 mbali zonse za mtsinje wa Mchesi n'kuwerenga nyumba zomwe zagwera m'kati. Ukhoza kuifunsa zitsime zomwe zili pafupi ndi chimbudzi kuposa mamita 30. Yankho limabwera usanamalize kapu ya tiyi, malinga ngati zomwe unalowetsazo n'zoona.

Pogwera aliyense woyamba kumene ndi pa manambala osonyeza malo. Lilongwe ili pafupifupi pa madigiri 13.98 kum'mwera kwa mzere wogawa dziko pakati, ndi 33.78 kum'mawa. Kum'mwera kumalembedwa ndi kachizindikiro kochotsera patsogolo. Ukaiwala kamzere kameneko, makiyosiki onse a ku Kawale amakatulukira ku Sudan, chakufupi ndi Wad Madani. Ukasinthanitsa manambala awiriwo, amagwera m'nyanja ya Atlantic kumadzulo kwa Morocco. Izi n'zoseketsa ndipo zimaoneka msanga. Choopsa ndi cholakwa chaching'ono chomwe maso sachigwira. Mapu akale a boma, omwe ambiri anachokera ku zithunzi zojambulidwa pa ndege ndi bungwe la ku Britain la Directorate of Overseas Surveys, amatsata muyeso wotchedwa Arc 1950, pomwe GPS ya mu foni imatsata WGS 84. Ukaphatikiza ziwirizi osaiuza kompyuta, chilichonse chimasuntha ndi mamita pafupifupi 200 mpaka 300. Kumudzi mwina palibe angadandaule. Ku Area 23 mamita 300 ndi mabanja ambirimbiri, ndipo nyumba ya kumtunda ikhoza kuoneka ngati ili m'dambo. Poyeza kutalika kapena kukula kwa malo, wophunzira amayeneranso kuchoka pa madigiri n'kupita pa mamita, ndipo ku Lilongwe ndiye kuti kusankha UTM Zone 36S. Yemwe wamvetsa zimenezi wawoloka mtsinje waukulu.

Pali nkhani inanso ya sikelo. Pa mapu a 1:50,000, sentimita imodzi ikuimira mamita 500, choncho nyumba ya mamita 10 imachepa kuposa nsonga ya pensulo. Pa 1:2,500 nyumba yomweyo imakwana mamilimita 4, ndipo munthu angathe kuloza kuti pathu ndi apa. Zithunzi za setilaiti nazonso zili ndi malire ake. Za Sentinel-2, zomwe n'zaulere ndipo zimajambulidwanso pakatha masiku 5 aliwonse, kabokosi kake kamodzi kamaimira mamita 10, ndiye kuti nyumba yathunthu. Zimathandiza poona mmene mzinda ukudyera minda chaka ndi chaka, koma sizingakuonetse ngalande. Mapu aulere a zitunda ndi zigwa omwe ambiri amagwiritsa ntchito anachokera ku ulendo wa chombo cha Endeavour mu February 2000, kabokosi kake ndi ka mamita 30, ndipo pa msinkhu amatha kuphonya ndi mamita angapo. Nanga madzi osefukira amasamala za mamita angapo? Mita imodzi ndi yomwe imasiyanitsa banja lomwe lagona bwino ndi lomwe lagona pa denga. Ma drone amajambula mpaka masentimita ochepa, koma amafuna ndalama, chilolezo cha oyang'anira za ndege ndi kompyuta yamphamvu.

Poyesera dzanja pabwino ndi pa OpenStreetMap, mapu a dziko lonse omwe aliyense angawonjezerepo, omwe anayambitsidwa ndi Steve Coast mu 2004. Umatsegula chithunzi cha setilaiti, n'kumatsata m'mbali mwa madenga, nyumba imodziimodzi. Ndi ntchito yotopetsa, sindingabise, koma imaphunzitsa diso. Pa OpenStreetMap ndi pomwe achinyamata a ku Kibera mu Nairobi anayambira mu 2009, dera lawo likuoneka lopanda kanthu pa mapu ambiri, ndipo mu 2015 ophunzira a ku Dar es Salaam anachita chimodzimodzi m'madera osefukira pa ntchito ya Ramani Huria.

Denga silinena zomwe zili pansi pake

Mu 2021 Google inatulutsa mapu a nyumba zoposa 500 miliyoni mu Africa, zonse zozindikiridwa ndi makina kuchokera pa zithunzi. Wina akhoza kufunsa kuti nanga mwana wa ku Mgona atsala ndi chiyani choti ajambule. Watsala ndi pafupifupi chilichonse. Kuchokera kumwamba, denga la malata la tchalitchi, la chigayo, la sukulu ya mkaka ndi la mdadada wa lendi wa mabanja 8 n'chimodzimodzi. Setilaiti siidziwa kuti kanjira aka mvula ikagwa kamasanduka mtsinje, kuti mlatho uwu ndi wa mitengo iwiri, kuti kiyosiki iyi madzi amangofika usiku. Siidziwanso mayina omwe anthu amagwiritsa ntchito, omwe kawirikawiri sali m'buku lililonse la khonsolo. Amati mlendo ndiye amayenda ndi kalumo kakuthwa, ndipo n'zoona kuti zida zambiri zachokera kunja, koma komwe madzi amadutsa akudziwa ndi mwini mudzi.

Pa 16 December 2017 mvula inasefukiritsa mitsinje ing'onoing'ono ya kum'mwera kwa mzindawu, madzi n'kulowa m'nyumba ku Kawale, Biwi, Mchesi, Kaliyeka ndi Chipasula, ndipo anthu anamwalira. Zinachitikanso mu January 2019. Kumayambiriro kwa 2017 mtsinje wa Lingadzi unali utachita zomwezo ku Mtandire. Madzi otere amabwera ndi kupita m'maola ochepa, mitambo ili yophimba, choncho setilaiti ikamadzajambula amakhala ataphwa. Umboni umatsala m'makoma ndi m'mitu ya anthu. Wojambula mapu wanzeru amagogoda pa khomo: "Odi agogo, madzi aja a chaka chija anafika pati?" Agogo akaloza pa zenera, iye amayeza kuchokera pansi, n'kulemba mu foni pamodzi ndi malo. Akachita zimenezi pa nyumba zambiri, mzere weniweni wa chigumula umatuluka wokha.

Chida chake ndi fomu ya mu foni, ya KoboToolbox kapena ODK, yomwe imasunga mayankho ndi malo popanda intaneti n'kudzatumiza pambuyo. GPS ya foni imaphonya ndi mamita 5 kapena kuposa, makamaka munthu akaima mopanikizika pakati pa makoma, choncho ndi bwino kuima poyera n'kudikira pang'ono nambala ikhazikike. Mafunso akhale ochepa ndi osankha mayankho. Ukalola aliyense kulemba yekha, wina amalemba "mjigo", wina "dilawo", wina "pampu", ndipo kompyuta imawerenga zitatuzo ngati zinthu zosiyana. Kuyeretsa tebulo lotere kumadya nthawi yoposa kujambula mapu enieniwo.

Koma foni isanatuluke m'thumba, pamafunika kaye kupita kwa mfumu ya deralo ndi kwa atsogoleri a mabuloko, kukanena kuti ndinu ndani, mukufuna chiyani, ndipo zomwe mupeze zipita kuti. Anthu a m'makwalala akaona alendo akujambula nyumba amaganiza msanga za kugwetseredwa, ndipo ali ndi zifukwa. Tisaiwalenso za mu 2017, pomwe mphekesera za anamapopa zinaphetsa anthu ku Mulanje ndi Phalombe: mlendo wonyamula chida chosadziwika ali pa ngozi yeniyeni. Mwana wa m'deralo, yemwe afumu amadziwa bambo ake, amalowa pomwe galimoto ya bungwe siingalowe.

Ngakhale nkhani yotchuka kwambiri ya mapu ndi kolera imanena zomwezi ukaiwerenga yonse. Mu 1854 dokotala John Snow anaika pa mapu nyumba za omwalira ku Soho mu London, ndipo zinaonekera kuti zazungulira mjigo wa pa Broad Street. Gawo lomwe ambiri salitchula ndi la m'busa wa deralo, Henry Whitehead, yemwe poyamba sankakhulupirira Snow. Iyeyu ankadziwa mabanja onse, ndipo ndi amene anapeza kuti madzi ochapira matewera a khanda lodwala ankatayidwa m'dzenje la zonyansa loyandikana ndi chitsime cha mjigowo.

Mitundu imatha kunama

Apa ndi pomwe ndimaona kuti maphunziro ambiri a masabata awiri amathamanga, pomwe mpamene panafunika kukhalitsa. Munthu akadziwa kulowetsa manambala, pulogalamu imamupatsa mapu a mitundu yowala m'kanthawi kochepa, ndipo chifukwa achokera mu kompyuta aliyense amawakhulupirira. Koma mapu aliwonse ndi zisankho za munthu: chiyani chioneke, chiyani chibisike, malire adutse pati.

Tiyerekeze ndi manambala ongopeka. Dera loyamba lili ndi odwala kolera 200, lachiwiri 60. Ukapaka utoto potsata manambalawa, loyamba limafiira kwambiri, ndipo klorini yense apita kumeneko. Koma ngati loyamba lili ndi anthu 100,000 pomwe lachiwiri lili ndi 10,000, ndiye kuti m'loyamba akudwala anthu 2 pa 1,000 aliwonse, m'lachiwiri 6. Moto weniweni uli komwe mapu anaonetsa kuti n'kozizira. Lamulo lake n'losavuta: popaka madera utoto gwiritsani ntchito chiwerengero chogawa ndi anthu okhalamo, mukafuna kuonetsa kuchuluka kwenikweni, ikani timabwalo tosiyana kukula.

Vuto lachiwiri ndi la malire, ndipo ku Lilongwe n'lalikulu. Manambala ambiri amasonkhanitsidwa pa wodi, pa Area kapena pa dera la chipatala. Koma m'dera limodzi mumatha kukhala nyumba za mipanda ya njerwa zokhala ndi mpopi m'khitchini, ndi midadada komwe mabanja 10 akugawana chimbudzi chimodzi. Ukawaphatikiza, pamatuluka nambala ya pakatikati yomwe siinena za aliyense, ndipo deralo limaoneka ngati lili bwinoko. Anthu akumunsi kwa mtsinje amasowa m'kati mwa utoto wa anzawo akumtunda. Dera lalikulu la anthu ochepa limakopanso diso kuposa kadera kothinana komwe kuli anthu ambiri. Kusintha pomwe mtundu wina ukuthera ndi pomwe wina ukuyambira kungathe kusandutsa theka la mzinda kukhala lofiira kapena lotuwa, manambala ali omwewo. Mark Monmonier analemba buku lathunthu pa zimenezi mu 1991, lotchedwa How to Lie with Maps, ndipo cholinga chake chinali chakuti owerenga achenjere.

Zotsalazo ndi za ukhondo wa ntchito. Magulu a mitundu asapitirire 5, chifukwa diso silisiyanitsa bwino kuposa pamenepo. Kuchokera pa zochepa kupita pa zambiri, mtundu ukhale umodzi wonka nuderako, osati utawaleza. Kufiira ndi kubiriwira pamodzi kumasokoneza anthu ena, makamaka amuna, omwe maso awo sasiyanitsa mitundu iwiriyi. Tsamba la ColorBrewer la Cynthia Brewer lili ndi mitundu yoyesedwa kale. Ndipo kumbukirani komwe mapuwo akathere. Pa laputopu amawala, koma ku msonkhano wa komiti ya chitukuko adzafika atadutsa pa fotokope yakuda ndi yoyera ya pa msika, kapena pa WhatsApp mu foni yong'aluka galasi. Yesani kusindikiza tsamba limodzi kaye. Mutu unene zomwe mapu apeza, monga "Nyumba zomwe madzi analowa mu December 2017", osati "Mapu a Kawale" chabe. Pakhale sikelo, kabokosi kofotokoza zizindikiro m'chinenero cha owerengawo, tsiku lomwe manambala anatengedwa ndi dzina la omwe anawatenga. Kuyesa kwabwino ndi kuwapatsa amayi a pa kiyosiki osanena kanthu. Akapeza okha nyumba yawo, n'kuyamba kutsutsa kuti njira iyi siidutsa apa, mapuwo agwira ntchito, ndipo zotsutsazo zilowe m'kope lotsatira.

Zomwe siziyenera kujambulidwa

Mapu omwe akuonetsa nyumba zomwe zili pa ngozi ya madzi ndi omwewonso akuonetsa nyumba zomwe zamangidwa moletsedwa m'mphepete mwa mtsinje. M'manja mwa komiti ya dera ndi pempho la ngalande ndi mlatho. M'manja mwina ndi mndandanda wa zogwetsa. N'chifukwa chake funso lakuti ndani asunge mafayilo liyenera kuyankhidwa pa bwalo ntchito isanayambe. Kadontho pa nyumba ya wodwala kolera, TB kapena HIV n'chimodzimodzi kulemba dzina lake, chifukwa m'dera aliyense amadziwa nyumba ya mnzake. Zotere zimasonkhanitsidwa pa buloko zisanaonetsedwe kwa anthu. Nyumba za anthu achialubino siziyenera kuoneka pa mapu aliwonse otuluka kunja, pa zifukwa zomwe Mmalawi aliyense akuzidziwa. Kuyambira mu 2024 dziko lino lili ndi lamulo loteteza zinsinsi za anthu la Data Protection Act, ndipo wotolera mayina ndi malo a anthu ayenera kuliwerenga.

Wina asanamizidwenso kuti mapu a pa QGIS ndi chikalata cha malo. Malire a puloti ovomerezeka amayezedwa ndi saveya wa chilolezo motsata lamulo la Land Survey Act la mu 2016. Wophunzira wa masabata ochepa yemwe wayamba kugulitsa "mapu a puloti" kwa anthu okangana malire akuwonjezera mkangano.

Nanga ndalama zilimo? Zilimo, koma osati zambiri ngati mmene otsatsa maphunziro amanenera. A Lilongwe Water Board amafuna kudziwa komwe kuli mapaipi ndi mamita awo, a ESCOM mapolo awo, a zaumoyo, a zaulimi ndi mabungwe othandiza pa ngozi amafuna otolera manambala ndi ojambula. Zambiri ndi maganyu a miyezi yochepa. Omwe amakhalitsa ndi omwe aphatikiza GIS ndi ntchito ina yomwe amaidziwa bwino, kaya zaumoyo, zomangamanga kapena utolankhani, ndipo ali ndi mapu awoawo oti aonetse m'malo mwa satifiketi yokha. Zopinga n'zodziwika: laputopu, magetsi ozimazima, bandulo. Anzeru amagawana mafayilo pa fulashi, amatapa zithunzi usiku pomwe bandulo imatsika mtengo, ndipo amasunga ntchito yawo pafupipafupi.

Chondidetsa nkhawa kwambiri ine ndi kufa kwa ntchito yomwe yachitika kale. Mabungwe angapo ayendapo m'madera omwewa ndi ma GPS, aliyense n'kuwerenga mijigo ndi zimbudzi zomwezo, malipoti n'kutuluka, mafayilo n'kusowa. Wobwera pambuyo amayambiranso, ndipo anthu atopa ndi kufunsidwa. Zomwe si zachinsinsi, monga misewu, milatho, makiyosiki, sukulu ndi zipatala, zikaikidwa pa OpenStreetMap kapena pa MASDAP zimakhalapo ngakhale pulojekiti itatha, ndipo wa ku Area 25 angathe kuzikonza mawa kiyosiki ikatsekedwa. Kope losindikiza lalikulu liyenera kutsala kwa afumu kapena ku sukulu ya m'deralo.

Kalembera wa mu 2018 anali woyamba m'dziko muno kuchitika ndi matabuleti m'malo mwa mapepala, ndipo wotsatira akuyembekezeka mu 2028. Ofesi ya National Statistical Office imagawa dziko m'timadera ting'onoting'ono towerengera anthu, ta mabanja mazana ochepa kalikonse. Chiwerengero cha anthu pa timadera totere ndi chomwe wojambula mapu a kolera ku Mgona kapena a madzi osefukira ku Kawale amafuna kuti agawe nacho manambala ake. Makhansala, magulu a achinyamata ndi masukulu a ukachenjede ayambe pano kupempha kuti malire a timaderato ndi chiwerengero chake zidzatulutsidwe poyera, m'mafayilo omwe QGIS ingatsegule, osati m'buku losindikiza lokha.